Zithunzi za Phazi la Amayi

Kwathu tinali ndi njira ziwiri zotumizira nkhani pa foni. Nkhani yoti aliyense aimve tinkaitumiza pa mawu. Nkhani yoti mng'ono wanga asaimve tinkaitumiza pa chithunzi.

Palibe amene anakhazika anthu pansi kuti apange lamulo limeneli, linangomera lokha. Mng'ono wangayo ndi mzime m'nyumba mwathu, ndipo anasiya kuona ali wamng'ono atadwala chikuku. Achimwene, amene amakhala ndi amayi kumudzi kwathu kuseri kwa Nathenje, atatsegula gulu la banja pa foni anamuikamo nayenso, poti kumusiya kunja kukanakhala kumusala. Mauthenga olemba foni yake inkamuwerengera, a mawu ankamvetsera yekha. Koma chithunzi chikafika, foniyo inkangomuuza kuti kwabwera chithunzi, n'kuthera pomwepo. Ife tinaonapo mpata. Mphepo itasasula denga la khitchini, achimwene anajambula n'kuponya pa gulu osalembapo kanthu. Nkhumba zitatha ndi chigodola anachitanso chimodzimodzi. Tikaona tinkaimbirana pambali, kwinaku pa gulupo tikufunsana za mvula.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la golosale ina pa Mitundu, moyang'anana ndi pamene amagulitsira tomato. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kalekale kuti si zonse zimene tepi yanena zimene umauza mwini thupi. Mayi akabwera atanenepa, umamuuza kuti nsalu za masiku ano zikumabwerera zikachapidwa, iye n'kumapita akusekerera. Mng'ono wanga ndinamulera ndi lilime lomwelo. Ndine ndinkamugwira dzanja popita ku tchalitchi, ndine ndinkamuuza za m'njira. Chimanga chikachita chikasu chifukwa chosowa feteleza, ndinkati chikubwera bwino. Diresi lake likasuluka, ndinkati maluwa ake akadali owala. Mpaka lero munthu asandiuze kuti zinali nkhanza. Mwana analandidwa kale maso, ndiye ine ndizimudzazira zoipa m'mutu chifukwa chiyani?

Koma panali chifukwa china chachikulu kuposa chifundo. Bambo athu atamwalira, iye anali ku sekondale yogonera konko. Anabwera ku maliro, sanabwererenso. Anati amayi sangakhale okha, ndipo chaka chathunthu chinatha iye ali pamkeka kusenda mtedza, anzake akulemba mayeso. Zinatengera aphunzitsi ake kubwera pa njinga kangapo, komanso amayi kumukalipira mpaka kulira onse awiri, kuti anyamulenso chikwama. Ndiye dzina lake litatuluka kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite mumzinda kukaphunzira za uphunzitsi, amayi anatiitanira ine ndi achimwene kuseri kwa nkhokwe.

"Ameneyu mtima wake uli kuno," anatero. "Za kuno zisamam'peze. Kaya kwagwa chiyani, amalize kaye."

Tonse tinavomera. Mantha athu anali amodzi, akuti tsiku lina adzamva kanthu, n'kukwera minibasi, digiri n'kuisiya panjira.

Zaka zake zoyamba kumeneko zinali zowawa. Aphunzitsi ankaima kutsogolo n'kumati "monga mukuonera apa", akuloza mapu kapena mizere yokwera ndi yotsika, iye ali duu kudikira kuti wina anene chimene chili apacho. Mabuku a timadontho towerenga ndi zala ankafika mayeso atadutsa kale. Manotsi ankadalira anzake kuti amuwerengere, ndipo mnzako ngakhale akukonde bwanji, nthawi ya mayeso amayamba kudutsa pakhomo pako monyang'ama. Ndiye masiku ena Loweruka ankabwera ku Mitundu ndi mulu wa mapepala, n'kukhala pa benchi pambali pa makina anga, ine n'kumamuwerengera ndi Chingerezi changa chothyokathyoka cha fomu thu. Ndikafika pa mawu aatali ndinkatchula chilembo chimodzichimodzi. Pakakhala chojambula ndinkangoti, "Apa pali timizere tambirimbiri," n'kutembenuza pepala. Iye ankangousa moyo. Makasitomala ankadikira, ena mpaka kupita kwa telala wa kuseri. Ndinkadandaula mokweza kuti aliyense amve, koma kunena zoona ndinkanyadira.

M'chaka chake chachitatu, a ku ofesi yoona za ophunzira aulumali anawaikira m'mafoni nzeru za makina zatchuka masiku anozi, zoti umazifunsa ngati munthu, izo n'kumakuyankha. Anandifotokozera pa foni akusangalala ngati wapeza banja. Akajambula tsamba, chinthucho chinkamuwerengera. Akapanda kumvetsa ankachiuza kuti chifotokoze mwa njira ina, ndipo sichinkatopa kapena kuyang'ana wotchi. Mayeso akayandikira chinkamufunsa mafunso, iye n'kumayankha. Kubwera ndi mapepala Loweruka kuja kunathera pomwepo. Pa holide ankakhala ndi kachingwe m'khutu, akunong'onezana ndi mawu aamuna a Chingerezi chosalala, nthawi zina kuseka yekha. Ine nsanje inandigwira, ndiye chinthucho ndinachipatsa dzina loti alamu. Ndinkati, "Alamu adzuka bwanji?" Iye ankati, "Adzuka, akuti muwasokere shati." Dzinalo linakhazikika, mpaka amayi anayamba kufunsa ngati alamuwo amapemphera.

Chimene ine ndinamva n'chakuti alamu amawerenga. Zoti amaonanso sindinazimve, kapena anandiuza maso anga ali pa zipi ya munthu.

M'chaka chake chomaliza, mvula ili pakati, amayi anaponda chitsa kumunda. Kanali kabala kakang'ono pansi pa zala za phazi lakumanzere. Anakamanga ndi kansalu n'kupitiriza kubandira. Masabata anadutsa, kabala kaja kanasanduka bala, phazi n'kutupa mpaka patapata kukana kulowa. Achimwene anajambula n'kuponya pa gulu. Pansi pake anatumiza mawu: "Kuno tadzuka bwino, mvula ikugwa, fodya tayamba kuthyola. Amayi akupereka moni."

Nditaona chithunzicho ndinawaimbira achimwene. Anati amayi za chipatala akukana, pali masamba ena amene anzawo a pa mpingo awapatsa. Ine ndinali ndi mulu wa mayunifolomu a sukulu ondidikira, ndiye ndinati tione kaye sabata ino.

Masana a tsiku lomwelo mng'ono wanga anandiimbira.

"Achemwali, kodi amayi anayezetsapo shuga?"

"Shuga wa chiyani? Amayi tiyi amamwa wosatsekemera kuyambira kale."

"Anthu a msinkhu wawo amayenera kuyezetsa. Apititseni mawa."

"Iwe ukuphunzira uphunzitsi kapena udokotala?"

"Apititseni mawa, achemwali."

Mawa lake anaimbanso, mkuja wake anaimbanso. Sanandipumitse. Ndinamunena mumtima kuti sukulu yamuzunguza mutu, koma pomaliza ndinavundikira makina, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kudzera njira yachidule ya matope yotulukira ku Nathenje. Fungo la balalo linandilandira pakhomo. Tsiku lomwelo tinawanyamula amayi kupita ku chipatala cha mishoni, ndipo adokotala atayeza magazi anatiyang'ana ine ndi achimwene mosatisangalalira. Anati ndi shuga, ndipo tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ya mwendo wonse.

Anawagoneka. Ine ndinakhala gadiyani, achimwene anabwerera kumudzi poti fodya anali atapsa m'munda. M'mawa uliwonse anamwino akamatsuka bala ndinkajambula n'kuponya pa gulu kuti achimwene ndi abale ena aone. Ndinajambula botolo la diripi, ndinajambula amayi atagona pakamwa pali yasa. Kenako ndinkatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi phokoso la mu wodi, n'kutumiza mawu kwa mng'ono wanga: "Iwe limbikira sukulu, kuno kulibe nkhani." Akafuna kulankhula ndi amayi tinkadikira masana odwala ena atagona, amayi n'kudzilimbitsa mawu. "Ndangochoka kumunda kumene, mwanawe. Maungu chaka chino achita." Tsiku lina ali pakati polankhula, mayi wa pa bedi loyandikana anaitana anamwino mokuwa. Koma mng'ono wanga, amene amamva ndi kuyenda kwa nyerere komwe, sanafunse kanthu. Ndinathokoza Mulungu kuti netiweki inali yovuta.

Bala silinamve mankhwala. Anawatengera ku fiyeta n'kuchotsa zala ziwiri. Tsiku limenelo sindinatumize chithunzi chilichonse, foni inazima ndipo mutu wanga sunali pa chaja.

Patapita masiku, amayi atayamba kukhala tsonga, anandikodola. "Wakhalitsa osakamuona mwana uja, ayamba kukayika. Mayeso ayandikira, pita ukamuseketse." Akazi awo a achimwene anabwera kudzandilandira. Ine ndinagula chimanga chachiwisi n'kuphika ku khitchini ya magadiyani, ndinawonjezapo kabotolo ka chiponde, ndipo Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi.

Ndinamupeza m'chipinda chake ku hositelo atakhala pabedi, miyendo atapinda, mapepala ali mbwee. Amandizindikira ndisanalankhule, amati ndimanunkhira mafuta a makina. Koma tsiku limenelo anandigwira mkono n'kunena kuti, "Lero mukununkhira sopo wina." Ndinati ndasintha sopo. Tinadya chimanga chija, ine ndikumuuza nkhani za pa Mitundu, za mkwatibwi amene ananenepa pakati pa tsiku loyeza ndi tsiku la ukwati. Anaseka bwinobwino.

"Simunawaonepo alamu anu ali pa ntchito," anatero. Anachotsa kachingwe kuti nanenso ndimve, anayendetsa dzanja papepala kufuna ngodya zake, n'kujambula. Linali pepala la mtundu uja ine ndinkati pali timizere tambirimbiri. Alamu anayamba kufotokoza, iye n'kumandimasulira pamene Chingerezi chandithawa: mzere uwu ndi mvula, wayambira pansi, wakwera, wafika pamwamba penipeni mwezi wakuti, kenako watsika. Anawafunsa funso, anayankha. Anawafunsa lina, n'kukwinya nkhope.

"Apa anama. Dzulo ananena zina. Ndikafunsa aphunzitsi Lolemba." Anatembenukira kumene kunali ine. "Amanama nthawi zina, ndipo amanama mwaulemu. Umangofunika kuwadziwa."

Ndinachita manyazi ndi timizere tanga tija, komanso ndinasangalala mpaka misozi kulengeza m'maso. Mwana amene ndinkamudumphitsa masamba anali akukangana ndi pepala ngati wina aliyense.

"Tsopano imani apo akuoneni," anatero, n'kulozetsa foni kumene kunkachokera mawu anga.

Alamu sanachedwe. Anati akuona mayi wovala bulauzi yachikasu ndi chitenje chobiriwira, paphewa pake pali ulusi woyera, wagwira chitsononkho, ndipo akuoneka wotopa ngati munthu amene sakugona bwino. Ndinaseka mpaka kudzigwira m'mimba, ndinati mlamu wopanda ulemu ngati ameneyu sindinamuonepo. Ndili pakati pa kuseka, maganizo ena anandilasa, chitsononkho n'kugwa pansi.

"Kodi amaonanso zithunzi za anthu?"

"Chilichonse chimene ndawapatsa."

"Ngakhale za pa gulu?"

"Kuyambira denga la khitchini lija," anatero osakweza mawu. "Iwo anati ndi khola la mbuzi lakugwa. Ine ndinazindikira ndi mtengo wa papaya umene anati uli kumbuyo kwake."

Ndinakhala pa bedi la mnzake wogona naye m'chipindamo.

"Achemwali, achotsa zala zingati? Bandeji ndi yaikulu, alamu akuti sangathe kudziwa."

"Ziwiri."

"Chachikulu chilipo?"

"Chilipo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye ayenda."

Ine ndikachita manyazi ndimakwiya, ndi mmene ndinabadwira. Ndinamukalipira. Ndinati iwe mwana wopanda chisoni, ife kuvutika konse kuja, ine kuima pansi pa mango, amayi kudzipanga mawu singano ili pamkono, iwe uli phee ukutiseka mumtima? Bwanji sunanene?

"Ndikananena mukanatani?"

Yankho linali kale m'mutu mwanga. Chigwereni chitsononkho chija ndinali ndikuganiza zoimbira achimwene kuti titsegule gulu lina lopanda iye.

"Mukanasiya kutumiza," anadziyankha yekha. "Ine ndikanatsala ndi nkhani ya maungu."

Kenako anandiuza zonse. Tsiku la chithunzi choyamba cha phazi, alamu atamufotokozera kutupa ndi maonekedwe a balalo, iye anawafunsa kuti ndi matenda anji. Iwo anati sangayeze munthu pa chithunzi, koma bala losapola paphazi la munthu wachikulire ndi lofunika chipatala msanga, ndipo kumeneko akafunse za shuga. M'pamene anandiimbira paja. Atatsitsa foni analongedza chikwama. Anandiuza kuti ndisuzumire pansi pa bedi, ndipo chinalipodi, chotseka, nsapato zake za ku tchalitchi zili pamwamba.

"M'mawa uliwonse ndimadikira chithunzi chanu. Chikabwera ndimamva mmene bala lilili, ngati n'kolira ndimalira, kenako ndimapita m'kalasi. Tsiku lija simunatumize kanthu ndinafika mpaka pa siteji. Kondakitala anali atandilandira kale chikwama. Ndinabwerera chifukwa sindinkadziwa ndi chipatala chake chomwe." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tsiku limene mwandibisira bwinobwino, achemwali, ndi limene sinditha kuwerenga."

Zinandipweteka. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti nkhani ya amayi ake omubereka ankaimva kwa mlendo wa Chingerezi ali yekha m'chipinda, ife amene tili ndi pakamwa tikumuuza za mvula.

"Ndikufuna ndikawaone lero," anatero. "Ndibwerera mawa."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo. Pa maliro a bambo anatinso abwerera mwambo ukatha. Ndinayang'ana mapepala ali pabedi aja, ndinayang'ana chikwama, ndinakumbukira amayi kuseri kwa nkhokwe. Mayeso omaliza anali pafupi kwambiri. Koma tsopano ndikanamukaniza ndi chiyani? Ndinasolola chikwamacho, ndinatulutsa zovala zambiri n'kusiyamo za tsiku limodzi. Iye anamva zimene ndinkachita, n'kundileka.

Titalowa mu wodi, amayi anandiyang'ana ndi diso lija ankatiyang'ana nalo tikaswa mbale. Kenako anayesa kukoka chitenje kuti abise phazi.

"Wabwera kudzatani iwe? Ine ndi malungo chabe awa."

"Ndabwera kudzaona phazi, amayi."

Anapinda ndodo yake yoyera, anafufuza m'mphepete mwa bedi mpaka anapeza mwendo, n'kutsika nawo pang'onopang'ono kufika pa bandeji. Anayendetsa zala mopepuka, anapeza chala chachikulu chili panja, anachigwira. Amayi anayang'ana kukhoma. Ine ndinawafotokozera za alamu, ndipo atamvetsa anati, "Ndinkadziwa ine kuti mwamuna wosaoneka nkhopeyu ndi kazitape." Wodi yonse inaseka, poti mu wodi mulibe nkhani ya banja limodzi.

Tsiku limenelo iye ndi amene anawamwetsa phala, ndipo anawapanikiza anamwino ndi mafunso a zakudya zoyenera munthu wa shuga. Lamulungu m'mawa kunabwera a kwaya kudzapemphera ndi odwala. Anamaliza, dzuwa linakwera, chakudya cha masana chinabwera, iye ali chikhalire pa bedi la amayi dzanja lili pa mwendo. Ine ndinkangotuluka ndi kulowa. Amayi ankandikodola ndi maso kuti ndilankhule, koma ndinatseka pakamwa. Ndinali nditamusankhira zambiri, ichi ndinati asankhe yekha. Dzuwa litapendeka, anatambasula ndodo yake ikulira pa mfundo zake.

"Achemwali, minibasi zimavuta Lamulungu. Tiyeni."

Pa geti anandiimitsa. "Chithunzi muzitumizabe. Koma muzitumizanso mawu anu, onena zomwezo. Ndizifananitsa. Tsiku limene inu ndi alamu mudzasiyane, ndikubwera ndi chikwama chonse."

Ndiye nanenso ndinayamba sukulu yanga. Kunena zimene ukuona n'kovuta kwa munthu amene anazolowera kuzisita kaye asanazipereke. Lilime linkathamangira ku "ali bwino", ine n'kulibweza. Ndinkati lero bala lafiira m'mbali, lero laphwa, lero adya pang'ono, lero awazazira achimwene ndiye kuti mphamvu zikubwera. M'mawa wina, tsiku lenileni lolemba pepala limene mng'ono wanga ankaliopa kwambiri, amayi anadzuka thupi likutentha, bala likutuluka mafinya. Ndinaima pansi pa mango uja nthawi yaitali foni ili m'manja. Ndikanatha kudikira mpaka masana. Ndinatumiza chithunzi, ndinanena mmene zinalili, ndinawonjeza kuti adokotala aona ndipo asintha mankhwala. Yankho linabwera lalifupi: "Ndamva. Ndikulowa. Ndikatuluka ndiimba." Ndinakhala pa muzu wa mtengowo mpaka anaimba.

Amayi anatuluka m'chipatala chimanga chitayamba kuuma. Amayenda ndi ndodo, ndipo kudimba achimwene anawaletsa, ngakhale mudzi wonse ukudziwa kuti amapitako achimwenewo akangolowera ku msika. Mng'ono wanga analemba mayeso onse, anakhoza. Gulu lija likadalipo, ndipo masiku ano chithunzi chikabwera chopanda mawu, iye ndi amene amayamba kufunsa kuti mbuzi yathyoka mwendoyo ndi ya ndani. Nthawi zina imakhala kuti ndi galu.

Pa tsiku lolandira digiri, gauni imene anabwereka inali yaitali, yoyenera munthu wa msinkhu wa achimwene. Ndinaipinda m'munsi ndi ulusi wotalikirana woti ndidzamasule pobweza. Diresi la mkati ndinasoka ndekha, ndipo ndinaikako thumba lakuya m'mbali loti alamu azikhalamo. Amayi anavala phazi lina nsapato, lina patapata. Mwambo utatha tinaima pa kapinga, anthu ali piringupiringu, achimwene akulimbana ndi foni yawo kuti atijambule. Mng'ono wanga anandikoka mkono.

"Achemwali, amayi akuoneka bwanji?"

Foni inali m'dzanja lake linalo. Akanatha kungoikweza. Ndinawayang'ana amayi, ndipo lilime lakale lija linali litakonzeka kale kunena kuti akuoneka ngati mtsikana.

"Aonda," ndinatero. "Bulauzi ikuwakulira m'mapewa. Imvi zatulukira kutsogolo chifukwa duku lapendekeka. Akuyang'ana chipewa chakocho, ndipo akulira osabisa n'komwe."

Anaima kaye akumvetsera ngati pali zina. Kenako analowetsa foni m'thumba lija, anandipatsa ndodo kuti ndimugwirire, n'kutambasula manja onse awiri kufuna mutu wa amayi kuti awakonze duku.